Mlendo ndi mame? Mbiri ya Ayuda a m'midzi ya ku Germany

Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mwambi umenewu ndidaumva ndili mwana, ndipo nthawi zonse ndinkautenga ngati malangizo oti mlendo tizimusamala bwino poti mawa lomweli achoka. Sindidaganizepo kuti mwambi womwewu ungalumenso, mpaka tsiku lomwe ndidaima pa manda ena m'mudzi wa Buttenhausen, kumwera kwa dziko la Germany.

Ndidali m'dzikomo pa maphunziro a miyezi yowerengeka, ndipo ndinkakhala kwa bambo ena achikulire, mphunzitsi wopuma pa ntchito. Loweruka lina iwo adandiitana nati, "Mwanawe, tiye ukaone mudzi umene udataya theka la anthu ake." Ine mumtima ndidati kapena udali mliri, kapenanso njala. Tidanyamuka pa galimoto.

Buttenhausen ndi kamudzi kabata m'chigwa, ndipo kamtsinje kotchedwa Lauter kadadula mudziwo pakati. Tidakwera kaphiri mpaka tidafika pa manda okhala ndi miyala pafupifupi 400. Miyala yakale kwambiri idalembedwa m'Chiheberi, chija amawerenga kuchokera kumanja kupita kumanzere. Ya pambuyo pake idali ndi Chijeremaninso.

"Bambo, nanga eni manda ano ali kuti?" ndidafunsa. "Adzukulu awo amakhala mbali iti ya mudzi?"

"Palibe ndi mmodzi yemwe," adandiyankha.

Abale, mawu amenewa adandilowa. Paja kwathu manda ndiwo umboni wa mudzi. Munthu akaloza pomwe padagona agogo ake, nkhani yoti ndi wobwera imathera pomwepo. Tsono apa padali anthu omwe adaika maliro awo pa phiri limodzi kwa zaka zoposa 150, koma mbewu yawo m'mudzimo mulibe. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikufufuza mbiri yawo, ndipo ndati lero ndikugawireniko.

Adafika bwanji kumudzi?

Ndiyambe ndi kuulula umbuli wanga. Ine ndikamva za Ayuda ndinkaganiza za m'Baibulo, kapena za dziko la Israel, apo ayi za anthu a malonda a m'mizinda ikuluikulu. Za Myuda wovala nsapato zamatope, akukusa ng'ombe kupita ku msika, sindidalotepo. Chonsecho zaka 200 zapitazo Ayuda ambiri a ku Germany ankakhala m'midzi ndi m'timatauni ting'onoting'ono, makamaka m'zigawo za kumwera ndi kumadzulo monga Franconia, Swabia, Baden ndi Hesse.

Koma sadayambire kumudzi. Poyamba adali anthu a m'mizinda. Ku Cologne kudali Ayuda kale m'chaka cha 321, nthawi ya ulamuliro wa Aroma, ndipo patapita zaka mazana angapo mizinda ya Mainz, Worms ndi Speyer idatchuka chifukwa cha aphunzitsi awo a chipembedzo. Zinthu zidaipa kwambiri m'zaka za 1348 ndi 1349 pomwe mliri woopsa udasesa Ulaya. Anthu adafuna wina womuloza chala, ndipo adanamizira Ayuda kuti athira poizoni m'zitsime. Ambiri adaphedwa. Pambuyo pake mizinda idayamba kuwapirikitsa umodzi ndi umodzi: Cologne m'chaka cha 1424, Ulm ndi Nuremberg mu 1499, Regensburg mu 1519. Dziko la Württemberg lidatseka zitseko zake mu 1498.

Ambiri adalowera kum'mawa, ku Poland. Otsala adamwazikira m'midzi. Apa mpofunika kudziwa kuti nthawi imeneyo Germany sidali dziko limodzi monga lero. Lidali chigamba pa chigamba, mafumu aakulu ndi aang'ono mazanamazana, ena olamulira mudzi umodzi kapena iwiri basi, osayankha kwa wina aliyense kupatula mfumu yaikulu ya onse. Nkhondo ya zaka 30, ya 1618 mpaka 1648, idasiya midzi yambiri ili mabwinja ndipo matumba a timafumuti ali mbee. Tsono mfumu yopanda anthu ndi mfumu yanji? Ena mwa iwo adaona kuti anthu omwe mizinda yawakana angathe kukhala gwero la ndalama.

Ndiye kudabwera chomwe ankachitcha kalata ya chitetezo. Mfumu inkalola mabanja owerengeka a Chiyuda kukhala m'mudzi mwake, iwo nkumalipira ndalama chaka ndi chaka. M'madera ambiri padalinso zolipira zina pokwatira ndi poika maliro, ndipo Myuda akamadutsa malire ankalipira msonkho wa thupi lake, monga momwe ankalipirira ng'ombe kapena katundu. Chikondi apa padalibe, idali bizinesi. Kalata ikatha nthawi yake, kapena mfumu ikasintha maganizo, anthu ankamanga katundu.

Ku Buttenhausen kalata yotere idalembedwa m'chaka cha 1787 ndi mwini mudziwo, Philipp Friedrich von Liebenstein, yemwe adalola mabanja 25. Iwo adamanga nyumba zawo kutsidya lina la mtsinje wa Lauter. Mu 1789 adapatsidwa malo a manda aja, mu 1795 adamanga sunagoge. Pofika 1870 m'mudzimo mudali Ayuda 442, kuposa theka la anthu onse.

Moyo wa tsiku ndi tsiku

Mwina mukufunsa kuti bwanji sadangogwira khasu ngati anzawo. Yankho nlakuti kwa nthawi yaitali malamulo sankawalola kugula minda, ndipo mabungwe a amisiri monga akalipentala, osula ndi osoka nsapato sankalandira munthu wosakhala Mkhristu. Chomwe chidawatsalira chidali malonda aja ena ankawanyoza. Ankagula ndi kugulitsa ng'ombe, akavalo, zikopa ndi mbewu. Osauka kwambiri, omwe adali ochuluka, ankasenza mtolo wa nsalu, ulusi, singano ndi mabatani nkumayenda khomo ndi khomo.

Bambo ankanyamuka Lamulungu kapena Lolemba, nkuyenda wapansi sabata yonse m'dera lake lomwe ankalidziwa ngati chikhatho, nkubwerera Lachisanu dzuwa lisadalowe kuti Sabata limpezere pakhomo. Poti chakudya cha Ayuda chili ndi malamulo ake, ena ankasungitsa kampoto kawo ku nyumba za alendo komwe ankagona. Amayi ndiwo ankatsala akusamala ana ndi kasitolo ngati kalipo.

Wogulitsa ng'ombe adali munthu wofunika zedi. Ankadziwa khola lililonse, ng'ombe yomwe yasiya mkaka, mlimi yemwe akufuna ya pa goli. Mlimi wosauka ankatha kuikizidwa ng'ombe: iye azikama mkaka ndi kutolera manyowa, ikaswa nkugawana phindu ndi mwini wake. Nthawi imeneyo mabanki sankafika kumudzi, choncho wofuna ngongole ankapitanso kwa munthu yemweyo. Pa msika amalondawa ankasakaniza mawu a Chiheberi pokambirana mitengo, ndipo alimi Achikhristu adawatola mawuwo. M'mudzi wa Schopfloch ku Franconia chilankhulo chosakaniza chotere, chotchedwa Lachoudisch, chidapitirira m'kamwa mwa Akhristu Ayuda atatha kale.

Kuti mpingo wa Chiyuda ukhalepo pankafunika zinthu zingapo. Choyamba, amuna 10 a zaka 13 kapena kuposerapo, poti popanda iwowa mapemphero ena a pagulu sachitika. Pankafunikanso dziwe la madzi odziyeretsera, munthu wodziwa kuzinga nyama motsata chilamulo, ndi mphunzitsi wa ana. M'midzi yosauka munthu mmodzi ndiye ankaphunzitsa, kutsogolera mapemphero ndi kuzinga nyama. Nkhani ya amuna 10 ija muisunge, tiipezanso kutsogoloku.

Nanga ndi anansi awo ankakhala bwanji? Zabwino zidalipo. Pa Sabata Myuda sakoleza moto, ndiye m'nyengo yozizira mnansi Wachikhristu ankabwera kudzasonkhezera. Pa Paskha mabanja a Chiyuda ankagawira anzawo mkate wopanda chotupitsa. Ku Buttenhausen Ayuda ankakhala nawo m'khonsolo ya mudzi. Koma panalinso chilonda chosapola. Paja wokongoza amakoma tsiku lokongola lokha. Mbewu zikakanika, mkwiyo wonse unkagwera uja ali ndi buku la ngongole, ndipo ziphunzitso zakale zonyoza Ayuda zinkathira mafuta pa moto. Mu 1819 zipolowe zolimbana ndi Ayuda zidabuka ku Würzburg nkufalikira madera ena, ndipo mu 1848 alimi a m'midzi ina ya ku Baden adaswa nyumba za Ayuda.

Kuchepa koyamba: ufulu

Chodabwitsa nchakuti chomwe chidayamba kugwetsa midzi imeneyi sichidali chidani chokha. Udalinso ufulu.

Ku Bavaria lamulo la 1813 lidakhazikitsa chiwerengero cha mabanja a Chiyuda ololedwa m'mudzi uliwonse. Mnyamata sankatha kumanga banja pokhapokha malo atapezeka, ndiye kuti wina amwalire kapena asamuke. Nanga mnyamata wachitatu m'banja adikire maliro angati? Ambiri adakwera zombo kupita ku America. Levi Strauss, uja dzina lake lili pa mathalauza a jinzi, adabadwa mu 1829 m'mudzi wa Buttenheim, mwana wa munthu woyenda ndi mtolo. Henry Lehman, mwana wa wogulitsa ng'ombe wa ku Rimpar, adafika ku America mu 1844 natsegula kasitolo ku Alabama, ndipo iye ndi abale ake ndiwo adayambitsa kampani ya Lehman Brothers, ija idagwa mu 2008. Carl Laemmle, yemwe adayambitsa kampani ya mafilimu ya Universal, adabadwira ku Laupheim mu 1867.

Kenaka malamulo adafewa. Bavaria idachotsa malire aja mu 1861, Baden idapereka ufulu wofanana mu 1862, Württemberg mu 1864, ndipo Germany itakhala dziko limodzi mu 1871 ufuluwo udafika ponseponse. Tsopano Myuda akadatha kukhala komwe wafuna, kuphunzira udokotala kapena zamalamulo, kutsegula sitolo mumzinda uja udapirikitsa makolo ake. Njanji idasintha njira za malonda, ndipo mabungwe osunga ndi kubwereketsa ndalama omwe Friedrich Wilhelm Raiffeisen adayambitsa adafika m'midzi, moti mlimi adapeza kwina kokongola. Achinyamata adayamba ulendo wa kutauni. Hermann Einstein adabadwira m'katauni ka Buchau nasamukira ku Ulm, ndipo kumeneko mu 1879 kudabadwa mwana wake Albert, katswiri wa sayansi uja. Tangoganizani, Ulm yemweyo adathamangitsa Ayuda mu 1499.

Opita kutauni sadaiwale kwawo. Lehmann Bernheimer, mbadwa ya Buttenhausen yomwe idalemera ndi malonda ku Munich, adamangira mudzi wake sukulu yomwe idatsekulidwa mu 1904, yolandira ana a zipembedzo zonse ziwiri. Koma sukulu yabwino imakonzeranso ana ulendo. Sukuluyo idatsekedwa mu 1923 ndalama ya dzikolo itagwa mphamvu, ndipo pofika 1933 Ayuda a m'mudzimo adatsala 89 okha, ambiri a iwo okalamba. M'chaka chimenecho Germany idali ndi Ayuda pafupifupi 500,000, ndipo mmodzi mwa atatu aliwonse ankakhala ku Berlin.

Mwakumbukira amuna 10 aja? M'midzi yambiri chiwerengerochi chidayamba kuperewera. Ena ankachita kuitanitsa amuna a m'mudzi woyandikana kuti mapemphero atheke. Zikakanika, mipukutu ya chilamulo inkapita ku mpingo wina, sunagoge nkugulitsidwa, nkusanduka nkhokwe kapena nyumba yogona. Kuchepa kwa mtundu umenewu aliyense wobadwira kumudzi akukudziwa: ana kutauni, agogo pakhonde, makalata ndi kandalama nkumabwera mwa apo ndi apo.

Kutha kwachiwiri: moto ndi sitima

Otsalawo sankadziona ngati alendo. Ankalankhula Chijeremani cha m'dera lawo, ndipo pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 Ayuda pafupifupi 100,000 adamenyera nkhondo dziko la Germany, 12,000 mwa iwo nkufera komweko. M'midzi yambiri maina awo adalembedwa pa mwala umodzi ndi a anzawo Achikhristu.

Adolf Hitler adatenga boma mu January 1933. Pa 1 April chaka chomwecho chipani chake cha Nazi chidalamula anthu kuti asagule kwa Ayuda. Mu 1935 malamulo a ku Nuremberg adawalanda unzika wokwanira ndi kuletsa maukwati pakati pa iwo ndi Ajeremani ena. Ogulitsa ng'ombe adayamba kuthamangitsidwa m'misika, ndipo pofika 1938 adali atalandidwa ziphaso. Alimi ena adapitiriza kugulana nawo mobisa usiku. Ena adaona mwayi wosabweza ngongole.

Mumzinda munthu amatha kusochera pakati pa khamu. Kumudzi ungabisale kuti? Aliyense ankadziwa khomo la aliyense. Kudziwana kuja kudali chuma cha wogulitsa ng'ombe kudasanduka msampha. Omwe adali ndi mphamvu ndi abale kunja adathawa. A m'mudzi wa Rexingen adachita chachilendo: gulu la mabanja lidanyamukira limodzi kupita ku Palestine, ndipo mu April 1938 lidayambitsa mudzi wa Shavei Zion m'mbali mwa nyanja.

Usiku wa pa 9 ndi tsiku la pa 10 November 1938 masunagoge m'dziko lonse adatenthedwa. Ku Buttenhausen otentha adachokera kunja kwa mudzi. Meya wa mudziwo adayesa kuwaletsa ndipo moto woyamba udazimitsidwa, koma anthuwo adabweranso, sunagoge wa 1795 uja nkupsa. Chomvetsa chisoni nchakuti m'madera ena masunagoge omwe adapulumuka ndi aja adagulitsidwa kale nkusanduka nkhokwe.

Pambuyo pake boma lidayamba kutuma Ayuda okalamba ochokera m'mizinda monga Stuttgart kukakhala ku Buttenhausen podikira tsiku. Pa 22 October 1940 Ayuda oposa 6,000 a ku Baden ndi madera oyandikana nawo adatengedwa kupita ku msasa wa Gurs ku France. Pa 1 December 1941 sitima ya pamtunda idachoka ku Stuttgart ndi anthu pafupifupi 1,000 kupita ku Riga, ndipo mu August 1942 ina idapita ku Theresienstadt. A ku Buttenhausen adali m'sitima zimenezi. Mphunzitsi wawo wokalamba, Naphtali Berlinger, yemwe adasankha kutsala ndi anthu ake, adafera ku Theresienstadt mu 1943. M'midzi yambiri katundu wa otengedwawo, mipando, mbale ndi zofunda, adagulitsidwa pa okushoni, ndipo ogula adali anansi. Nkhondo itatha mu 1945, Ayuda pafupifupi 6 miliyoni a ku Ulaya adali ataphedwa. Moyo wa Chiyuda m'midzi ya ku Germany sudadzukenso.

Chomwe ndidaphunzira pobwerera

Kwa zaka zambiri nkhondo itatha nkhaniyi m'midzimo inkangonong'onedwa. Manda a ku Buttenhausen adamera tchire. Munthu yemwe adawalambula adali mlimi Wachikhristu, Walter Ott, yemwe sadali mbadwa ya mudziwo. Iye adadzutsa miyala yakugwa, adasonkhanitsa makalata akale, nayamba kulandira adzukulu a Ayuda aja akabwera kuchokera ku America ndi ku Israel kudzaona manda a makolo. Adamwalira mu 2014. Sukulu ija adamanga Bernheimer idasanduka nyumba yosungiramo mbiri imeneyi.

Tili m'galimoto pobwerera, ine ndidalankhula mawu omwe mpaka lero ndimachita nawo manyazi. Ndidati, "Komatu bambo, ngakhale Hitler akadapanda kubwera, mudzi umenewu ukadatha ndithu. Si mwaona, kuchoka pa 442 kufika pa 89?"

Bambowo adakhala chete kanthawi, kenaka adati, "Mwanawe, mawu amenewo ndidakula ndikuwamva kwa akuluakulu a kwathu, ndipo ankawakonda chifukwa ankawapeputsa mtima. Koma wopita ku Munich adapita ndi miyendo yake, ndipo ankabwera kudzaona amayi ake. Wopita ku Riga adakankhidwira m'sitima. Usaziphatikize."

Adanena zoona. Midzi imeneyi idatha kawiri, ndipo kutha kuwiriku nkosiyana ngati kukalamba ndi kuphedwa. Mtengo woti wayamba kuuma sitinena kuti wagwa wokha pamene tonse taona nkhwangwa.

Chinanso chomwe chimandisowetsa tulo ndi ichi. Anthu awa adalowa m'mudzi ndi kalata, ngati alendo olipira. Adakhala mibadwo isanu kapena isanu ndi umodzi. Adamanga sukulu, adakhala m'khonsolo, ana awo adafera dziko ku nkhondo. Malamulo adawatcha nzika kwa zaka zoposa 60. Koma tsiku lomwe boma lidati awa ndi obwera, mawuwo adapeza malo okonzeka kale m'mitima ya anthu ambiri. Ochepa adakana, monga meya uja, koma kali kokha nkanyama. Ochuluka adatseka mazenera, ena mawa lake nkupita ku okushoni.

Tsono funso lomwe ndidabwera nalo kuchokera pa phiri lija ndi ili: kodi munthu amasiya liti kukhala mlendo? Akabadwira pamalopo? Akaika amayi ake m'nthaka imeneyo? Kapena dzina la wobwera ndi ngongole yosatha, yomwe mdzukulu amalipirabe? Mwambi uja umati mlendo ndi mame. Koma Ayuda a ku Buttenhausen sadali mame. Mame sasiya manda a miyala 400.

Tisadatsike kaphiri kaja ndidaona timiyala ting'onoting'ono tasanjikidwa pamwamba pa miyala ina ya manda. Bambo aja adandiuza kuti ndi mwambo wa Ayuda: wobwera kudzaona manda amasiya kamwala kusonyeza kuti wogonayo sadaiwalike. Ndidafunsa ngati nkololedwa kwa munthu ngati ine. Adati palibe choletsa. Ndidatola kamodzi m'njira, nkukaika pa manda a munthu yemwe dzina lake sindikadatha nkuliwerenga komwe.